Kalavani ya amalume ku Mbulumbuzi

Titangotsekera sukulu mu Disembala 2023, amalume anandiimbira foni. Moni sanapereke. "Aphunzitsi, kalavani ija yayambanso kudontha. Azakhali anu akugona chokhala." Akandiitana kuti aphunzitsi m'malo mwa dzina langa ndimadziwiratu kuti pali mlandu, ndipo mlandu uwu mwini wake ndinali ine. Ndi ine amene ndinaikonza kalavaniyo mu Epulo, n'kuwatsimikizira kuti dontho silidzalowamonso.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Zomba pa Limbe. Oyenda msewu wa M3 akudziwa kuti ukadutsa pa Mapanga ndi pa Njuli, usanafike pa Namadzi, minibasi siilephera kuima pa Mbulumbuzi. Kukhale wotsika kapena ayi, sipasowa wina wofuna tomato. Galimoto isanaime n'komwe, mabeseni amakhala afika kale pazenera: tomato, anyezi, kabichi, mpiru. Phiri la Chiradzulu tsikulo linali litavala mtambo kumutu, ndipo amayi ogulitsa ankalicheukira pafupipafupi, dzanja lina lili pa chipepala chofundikira malonda.

Ndadutsa pamalopa kuyambira ndili mwana, koma ulendo uwu ndi umene unanditsegula maso kuti Mbulumbuzi ndi msika wa malona. Ali pamwamba pa mabenchi, ali pa malole onyamula ndiwo kupita ku Blantyre, ali pansi poyanikira chimanga, ena akutira matumba a feteleza pa njinga za kabaza. Ambiri mwa oyera ndi obiriwira aja anabwera ndi thandizo la namondwe wa Freddy. Miyezi isanu ndi inayi yokha inali itadutsa, koma ambiri anali atang'ambika m'makona, ena atayamba kufumbutuka ngati thumba lakale la ufa.

Kwa amalume ndi mtunda wa ola limodzi wapansi kuchokera pamsewu. Ndinayenda wapansi dala, kuti ndipeze nthawi yokonza chodzikanira.

Kalavaniyi ili ndi mbiri yake. Amalume anakhala ku Joni zaka zambiri akusamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya azungu ena. Mabwanawo posamuka anawasiyira kalavani yakale imene ankapita nayo kokaona nyama. Inabwera kuno itamangidwa kumbuyo kwa galimoto zija zonyamula katundu wa matchona, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Tsiku limene inafika mudzi wonse unaseka. Anzawo anabwera ndi malata, mafiriji ndi njinga zamoto, iwo abwera ndi bokosi la matayala awiri popanda galimoto yolikoka.

Ikakhala yopinda ndi bokosidi, lofika m'chiuno, lalikulu pang'ono kuposa ngolo ya ng'ombe. Ukamasula zokowera zake denga limakwera m'mwamba, kenako mbali ziwiri zimatambasukira kunja ngati mapiko. Phiko lililonse ndi bedi: thabwa pansi, matiresi pamwamba pake, ndi nsalu ya lona yokungidwa pa tizitsulo topindika ngati uta. Mabediwa amalendewera kunja kwa bokosi, atachirikizidwa ndi zitsulo ziwiri pansi. Denga lapakati ndi lolimba, koma wogona pabedi chimene chimamulekanitsa ndi mvula ndi nsalu yokhayo. Amene anaipanga ankaganizira anthu okagona kutchire masiku awiri kapena atatu, n'kubwerera kwawo kukaiyanika ndi kuisunga m'galaja. Kwa amalume inangokhala pansi pa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Kenako kunabwera Freddy. Namondweyu anagwera kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane ku Mozambique pa 11 Malichi 2023, ndipo mvula imene anatibweretsera inagwa usana ndi usiku osapumira. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo chakummwera chili pangozi. Zimene zinachitika ku Chilobwe mu Blantyre ndi kwa Ntauchira m'boma lathu lomweli la Chiradzulu, kumene matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakwirira anthu, sindingazifotokoze kuposa amene anaziona. Anthu oposa 650,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukadzazana m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Kwa amalume kunali mwayi. Khoma la kuchipinda linagwera kunja, denga n'kutsatira, koma onse anatuluka amoyo: iwo, azakhali ndi zidzukulu zitatu.

Kumsasa wa anthu othawa madzi anakana kupita. Mbuzi akanasiyira yani, nanga chimanga chotsala m'munda? Anakankha kalavani kuichotsa pansi pa mango, n'kuitambasula. Amene ankaseka aja anabwera kudzasuzumira, ena kudzapempha kuti ana awo agoneko usiku umodzi.

Mu Epulo ndinapita kukawaona, ndipo ndi pamene ndinalakwa kawiri tsiku limodzi. Nsalu inali yakuda ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, choncho ndinatenga sopo waufa ndi bulashi, n'kuikwecha mpaka kuyera. Sindinadziwe kuti pamodzi ndi litsirolo ndikuchotsa mankhwala amene amachititsa kuti madzi azingogubuduka pansalu osalowa. Sopo wotsalira mu ulusi amachitanso zake: amathandiza madzi kulowerera, paja ndiyo ntchito yake pochapa. Nditatero ndinatenga chipepala chakuda cha pulasitiki, chija timayala pansi pa udzu pofolera nyumba, n'kukulunga mabedi onse awiri mothina, kumanga ndi malegeni, ndi timazenera ta mpweya tomwe kutseka. Ndinabwerera kusukulu ndikudzitama.

Chiperoni itafika mu Juni, m'kati munayamba kugwa mvula kunja kulibe mvula. Anthu asanu akamapuma usiku wonse m'kachipinda kotseka amatulutsa nthunzi yambiri, munthu aliyense pafupifupi kapu ya madzi. Nthunziyo ikakumana ndi nsalu yozizira imasanduka madontho, ndipo pulasitiki wanga sankailola kutuluka. Zimenezi ndimaphunzitsa chaka chilichonse, nditanyamula botolo la madzi ozizira kutsogolo kwa kalasi kuti ana aone likuchita thukuta. Ndinazilemba pamayeso ku Domasi n'kukhoza. Koma pa kalavani ya amalume sindinazione. Nsalu inachita chuku, matiresi anayamba kununkha, ndipo kamdzukulu kakang'ono kanatsokomola nyengo yonse yozizira. Amalume anachotsa okha pulasitikiyo mu Ogasiti. Mvula itayamba mu Novembala, nsalu yokwechedwa ija inayamba kumwa madzi ngati thonje.

Nditafika sanandikalipire. Anangondipatsa ndowa.

Ntchito yoyamba inali kupeza pamene madzi akulowera, chifukwa pamene dontho likugwera si pamene lalowera. Madzi amatha kulowa pakona, n'kuyenda ndi chitsulo mita yathunthu, n'kukagwera pamphumi pa munthu. Amalume analowa m'kati ndi choko chimene ndinali nacho m'thumba, ine kunja ndi kheni yothirira kudimba. Ndinayamba kuthira m'munsi, kudikira, kenako kukwera pang'ono, kudikiranso. Ukayambira pamwamba madzi amanyowetsa ponseponse ndipo sudziwa wolakwa. Pofika masana choko chinali chitalemba malo anayi.

Oyamba anali msoko wautali umene umalumikiza nsalu ya pamwamba ndi ya m'mbali, cha kumutu kwa bedi. Achiwiri anali pakati pa denga la bedi la azakhali, pamene kachitsulo kokunga kanali katafupika, nsalu n'kukhala khwekhwerere. Pamenepo madzi ankadikha ngati m'beseni, ndipo madzi odikha amapanikiza nsalu mpaka kupyola. Achitatu anali pamahinjesi, pamene bedi limakumana ndi bokosi. Mphira wotchinga mpatawo unali utauma n'kusweka. Achinayi ndi amene anandidabwitsa. M'mphepete mwa nsalu muli chingwe chotamuka chimene chimayenera kukokera nsaluyo kunsi kwa thabwa, kuti madzi otsetsereka azigwera pansi. Chingwecho chinali chitatha mphamvu, ndiye ana ankangopinda nsaluyo kuilowetsa m'kati, pansi pa matiresi, kuti mphepo isalowe. Potero madzi onse a padenga ankatsogozedwa molunjika kubedi. Thabwa pakona imeneyo linali litafewa moti chala chinkalowa.

Panalinso malo achisanu amene choko sichikanalemba, chifukwa amasuntha. Paliponse pamene pilo, bulangete kapena phazi la mwana lakhudza nsalu yonyowa, madzi amatsata pomwepo, monga parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Bedi lopangidwira anthu awiri likagonedwa ndi ana atatu, palibe usiku umene wina sakankhira bulangete kukhoma.

Tinamasula nsalu ya bedi limodzi, kuikulunga, n'kubwerera nayo kumsika pa kabaza. Pakhonde la golosale ina pamakhala bambo wina wachikulire wosoka nsapato, amenenso amasoka matumba, zikwama ndi malona a malole. Anaitambasula pamiyendo, n'kuiyang'anitsa kudzuwa.

"Anachapa ndi sopo ndani?"

Amalume anayang'ana kuphiri. Ndinavomera.

"Mumaphunzitsa chiyani, aphunzitsi?"

"Sayansi, bambo."

Anangogwedeza mutu, n'kupitiriza. "Nsalu yabwino sidontha pakati. Madzi amafuna pamene padutsa singano."

Ndinakhala naye maola atatu, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamutengera kukalasi kwanga. Pamene ulusi wakale unali wolimba sanasokepo, chifukwa kusoka kulikonse ndi kuboola. Pamene unali utaduka ankalondola mabowo akale omwewo, ndi ulusi wonenepa woti udzaze bowo. Ulusiwo ankayamba waudutsitsa pa chibuma cha sera wa njuchi. Chigamba ankachidula makona ake mozungulira kuti chisamatukuke, ndipo anasankha nsalu ya mtundu womwewo. Anandionetsa kusiyana kwake: malona onyezimira a malole, apulasitiki aja, amamatidwa ndi guluu, koma nsalu ya thonje imafuna singano. Atamaliza anapaka sera m'misoko yonse cha kunja, n'kundiuza kuti ndikaiyanike padzuwa la masana kuti serayo afewe alowe m'mabowo. Sera akasowa, anatero, kandulo amagwira, kungoti amauma n'kumasweka msanga.

Anandiuzanso kuti ndikaibwezera pamalo pake ndiinyowetse ndi madzi oyera mpaka ikhute, iume, ndiinyowetsenso, katatu. Ulusi wa thonje ukanyowa umafufuma, ndipo ukauma subwerera mwakale kwenikweni, choncho timabowo timatsekeka. N'chifukwa chake tenti yatsopano ya nsalu imatha kudontha pamvula yoyamba n'kusiya yokha pambuyo pake. Kutsukuluza kumeneko kunkachotsanso sopo wanga wotsalira. Za chuku anati ndidikire nsalu iume, ndichisase ndi bulashi yofewa, kenako ndipukute ndi viniga wothira madzi. Mankhwala oyeretsera zovala aja ayi, amadya ulusi.

Funso lotsala linali la nsalu yonseyo, imene ndinaichotsa mankhwala. Mankhwala ake enieni opaka alipo m'masitolo akuluakulu, koma thumba lathu silikanafikako. Mnyamata wina wothandizira pa lole, amene ankamvetsera nkhani yathu, analowererapo. Anati tisungunule makandulo m'petulo kapena m'parafini, tipake nsalu yonse, madzi sadzalowanso. Sankanama, madzi salowadi. Koma apa ndiye sukulu yanga inagwirako ntchito. Pa 6 Julayi 1944, mumzinda wa Hartford ku America, chitenti chachikulu cha masewera a sekasi chinagwira moto anthu ali m'kati. Denga lake linali litapakidwa phula la makandulo losungunulidwa m'petulo pofuna kuteteza mvula. Chinayaka chonse m'mphindi zochepa, ndipo anthu oposa 160 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Kupaka sera pamzere wa msoko ndi nkhani ina, kumiza nsalu yonse m'mafuta ndi nkhani inanso. M'kalavani ya amalume mumagona ana atatu ndipo khomo ndi limodzi. Mnyamatayo anaseka kuti za ku America zikutikhudza bwanji, koma bambo wosoka nsapato uja anamufunsa ngati iyeyo angagoneke mwana wake m'chingwe cha nyali.

Njira imene tinatsata ndi ya denga lachiwiri. Amalume anali ndi chilona chimodzi cha thandizo chimene anachisunga osachigwiritsa ntchito, cha mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali. Tinazika mitengo ya bulugamu kuzungulira kalavani, yakutsogolo yaitali kuposa yakumbuyo, n'kuchikunga pamwamba, kusiya mpata wa pafupifupi mkono pakati pa chilonacho ndi nsalu. Pulasitiki ndi yemweyo wa mu Epulo, kusiyana kwake ndi mpatawo. Mphepo imadutsa n'kutenga nthunzi, mvula yambiri imathera pamwamba, ndipo dzuwa siliwotchanso nsalu. Pomanga sitinachiboole. Tinkaika mwala wosalala kapena chitsononkho m'kati mwa kona, kuchikulunga, n'kumanga chingwe pakhosi pake. Pakati pa chingwe ndi chikhomo tinaikapo legeni, kuti mphepo ikakoka pazikhala chotamuka m'malo mong'amba.

Apa ndinene zimene zinandiwawa ndikuyenda mumsika muja. Malona ambiri ong'ambikawo sanathe ndi ukalamba. Anakhomedwa ndi misomali yopanda chotchingira, mutu wa msomali n'kupyola tsiku loyamba la mphepo, pamene chitsekerero cha botolo kapena kachidutswa ka tayala zikanateteza. Ena anamangidwa mokhwepa n'kumakupiza usiku wonse mpaka kutha, ena anagonekedwa pa nsonga za mitengo zosasema. Munthu amene nyumba yamugwera dzulo sungamudzudzule kuti sadziwa kumanga tenti. Koma ogawa thandizo, pamene akulemba maina ndi kudindisa zala, akanapatula mphindi khumi kuti wina aonetse anthu kamangidwe kake. Anthu odziwa alipo kale m'misika yathu, akusoka nsapato pakhonde.

Zotsalazo zinatitengera masiku awiri. Kona yowola ya thabwa tinaidula, kalipentala wa m'mudzi n'kulumikiza ina, ndipo m'mphepete monse tinapakamo penti ya mafuta, chifukwa thabwa lomata ngati limeneli limamwera madzi m'mbali. Pamahinjesi tinadula chubu chakale cha lole m'litali, n'kuchikhomera ku bokosi cha pamwamba kuti chigwere pa mpata ngati chipewa, madzi azidumpha. Chingwe chotamuka chija tinachisintha ndi malegeni, ndipo ana tinawaonetsa kuti nsalu imapita kunja kwa thabwa, osati m'kati. Kachitsulo kofupika tinakaonjezera ndi kamtengo mpaka nsalu inalira ngati ng'oma poigogoda. Kalavani yonse tinaipendeketsa pang'ono ndi njerwa kuti madzi azithawira kumbuyo, kutali ndi khomo, ndipo kumtunda kwake tinakumba ngalande.

Azakhali ndi amene anapeza chimene tonse tinachiphonya. Anati ngakhale usiku wopanda mvula, kunsi kwa matiresi kumadzuka konyowa. Zoonadi: bedi lili m'malere, mphepo yozizira ikudutsa pansi pa thabwa, thupi lofunda lili pamwamba. Ndi botolo langa la m'kalasi lija. Anayala mphasa ya bango pakati pa thabwa ndi matiresi kuti mpweya uzidutsa, n'kulamula kuti m'mawa uliwonse matiresi aziimikidwa. M'mbali mwa bedi la ana tinamangamo nsungwi yopingasa, kuti bulangete lizilekezera pamenepo osafika kunsalu. Timazenera ta mpweya tinagwirizana kuti tizikhala totsegula ngakhale kuzizire. Mbaula ndinawapempha kuti isamalowe m'kati ngakhale pang'ono. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo m'kachipinda kotere munthu amangogona osadzukanso. Amalume anavomera kuti mu Julayi anailowetsapo kawiri.

Chomaliza chinali chokhudza tsiku limene adzaipinde. Nsalu yopindidwa ili yonyowa imachita chuku m'masiku ochepa, ndipo chuku chimadya ulusi. Amalume anaseka. "Kupinda liti, mphwanga?" Anandilozera nyumba yatsopano. Makoma a njerwa zowotcha anali atafika pamawindo n'kuima pomwepo. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndalama imene anasungira malata inangokwanira theka.

Mvula inabwera usiku wachitatu, yamphepo, yochokera cha kuphiri. Ana anali atapita kukagona kwa mayi awo aang'ono kuti ine ndigone pabedi lawo, poti wokonza ndiye ayenera kulawa. Chilona chinkalira pamwamba, malegeni akutamuka n'kubwerera. Ndinkayendetsa tochi ya foni m'misoko, osakhudza. Msoko wautali unali wouma. Pamahinjesi pouma. Ndinagona.

Cha m'ma 2 koloko china chake chozizira chinandigwera m'khutu. Ndinayatsa tochi. Pamathero a zipi ya zenera, pamene mphepo inkakankhira mvula cham'mbali kunsi kwa chilona, panali dontho likukula pang'onopang'ono. Zipi tinaiiwala.

"Aphunzitsi," anatero amalume mumdima kuchokera kubedi linalo, "kwanuko kuli bwanji?"

"Dontho limodzi, amalume. Pazipi."

"Kuno kulibe. Azakhali anu akuliza mkonono. Tcherani kapu."

M'mawa m'kapumo munali madzi osakwana masipuni atatu. Ndinapaka kandulo m'mano a zipi, ndipo azakhali anasokerapo kansalu kogwera pamwamba pake, ndi ulusi wodutsa pa sera amene anatsala. Pobwerera ndinadzera pakhonde paja kukapereka lipoti. Bamboyo anali ndi chilona cha lole pamiyendo, singano ili kukamwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anachotsa singanoyo n'kundiuza kuti nsalu ya bedi linalo ndibwere nayo mvula ikatha, isanafike chiperoni, ndipo ndisaichape.